Tsiku lomwe ndege inandithawa matayala atagunda kale pansi

Ndachedwa kulemba izi chifukwa cha manyazi basi, palibenso china. Mapailoti timakonda kukamba za tsiku lomwe tinatera bwino mphepo ikuwomba ngati yapenga, koma za tsiku lomwe unakalowetsa ndege mu udzu aliyense amangoti zii. Ine ndinakailowetsa. Cessna 172, ndege yaing'ono ya injini imodzi, yabwinobwino, injini ilibe vuto, mabuleki akugwira, kunja kukuwala, ine ndili ndi laisensi yanga komanso maola 140 ndi kanthu mu logbook, koma inandipulumuka pa runway, msewu woterapo ndege uja, ngati sopo wonyowa, ndipo kuyambira pomwe matayala anagunda pansi kufika pomwe propela inadya dothi sipanadutse masekondi 10. Palibe anavulala, ndinene izi poyamba kuti musawerenge mtima uli m'mwamba.

Tsikulo ndinatenga alamu anga kuti tikazungulire kwa ola limodzi, anali asanakwerepo ndege yaing'ono nde anali akundivutitsa kwa miyezi. Pa pepala ndinali bwinobwino. Malamulo a m'mayiko ambiri amati usananyamule munthu ukhale utanyamuka ndi kutera katatu m'masiku 90 apitawa, ine ndinali nditapanga zimenezo, koma katatu konseko kunali m'mamawa kuli bata, ka windsock, kathumba kosonyeza mphepo kaja, katangolendewera ngati sokosi yoyanikidwa. Crosswind yeniyeni, mphepo yokuwomba cham'mbali ija, ndinali nditakumana nayo komaliza miyezi 8 m'mbuyomo. Lamulo silifunsa kuti kunali mphepo yanji pomwe umatera katatuko, limangowerenga.

Pobwerera inali cha m'ma 4 madzulo, runway 27, kutanthauza kuti ukutera utaloza madigiri 270, kumadzulo, dzuwa lili m'maso. Pa wailesi anandiuza kuti mphepo ikuchokera madigiri 220 pa ma knots 12 (knot ndi muyeso wa liwiro womwe timagwiritsa ntchito pa ndege) koma ikumakwera mpaka 18. Ndiye kuti ikubwera kuchokera kumanzere kwanga, kusiyana kwake madigiri 50. Pali kanjira kophweka kowerengera komwe amatiphunzitsa, umaganiza ngati wotchi: madigiri 15 ndi kota ya mphepoyo, 30 ndi theka, 45 ndi makota atatu, ikafika 60 ungoitenga yonse kuti ndi ya m'mbali. Ndinawerenga mumtima ndikupeza kuti ya m'mbali ndi 9, ikakwera ifika 14. Buku la 172 limatchula 15. Nde ndinati aaa tili mkati, palibe nkhani.

Apa ndiime kaye chifukwa nambala ya 15 imeneyi yanamiza anthu ambiri. Si mpanda kuti ukakhala pansi pake ndiwe wotetezeka. Ndi mphepo yomwe pailoti woyesa ndege, munthu woti ntchito yake ndi imeneyo tsiku ndi tsiku, anaonetsa kuti ndegeyo ikhoza kutera nayo pa nthawi yomwe amaivomereza. Nambalayo ndi ya ndege ndi munthu ameneyo. Yanga ine ya tsiku limenelo, mapazi atachita dzimbiri miyezi 8, mwina inali 8 kapena 9, koma sindinadzifunse nkomwe.

Cholakwa choyamba chinali liwiro. Buku limati ukatsitsa flaps, timapiko ta kumbuyo kwa mapiko tothandiza kutera pa liwiro lochepa, uzibwera pakati pa 60 ndi 70 knots, ine ndimakonda 65, ndipo mphepo ikamakwera ndi kutsika umawonjezera theka la kusiyanako, apa 12 kufika 18 ndi 6, theka lake 3, ndiye 68 inali yokwanira. Koma mantha amawonjezera zawo, pang'ono chifukwa cha mphepo, pang'ono chifukwa ndanyamula alamu ndipo achemwali andipha, pang'ono chifukwa ndege ikugwedezeka, mpaka ndikudutsa poyambira runway singano ili pa 80. Kuchoka 65 kufika 80 kumaoneka ngati kanthu kochepa koma mphamvu ya liwiro imakwera mowirikiza, pa 80 uli ndi mphamvu yoposa ya pa 65 ndi theka lathunthu, ndipo yonseyo iyenera kutha kaye ndege isanavomere kukhala pansi. Flaps ndinatsitsanso zonse mwachizolowezi, chonsecho buku lomwelo limanena kuti mphepo ya m'mbali ikakula utsitse zochepa zomwe kutalika kwa runway kukulola, ndipo runway inali yaitali yotsala.

Koma chomwe chimandiwawa mpaka pano ndi choti gawo lovuta ndinalichita bwino. Pa final, chigawo chomaliza chija ukutsika utalunjika runway, ndinabwera mopingasa, mphuno italoza kumphepo, nditayandikira ndinaponda pedulo yakumanja ya rudder, chiwongolero cha kumchira, kuti mphuno iwongoke ndi mzere wapakati, phiko lakumanzere ndikulitsitsa kuti mphepo isandikankhe, ndendende momwe anandiphunzitsira. Ndege inayandama, kuyandama, kuyandama chifukwa cha liwiro lija, ine ndikulimbana nayo, kenako tayala lakumanzere tswii, lakumanja tswii. Mofewa ngati pa matilesi. Alamu anawomba m'manja nkunena mu headset kuti, eee alamu, koma ndiye mumatha.

Akuluakulu anati linda madzi apite ndiye uziti ndadala. Ine ndinapumira m'mwamba, mapewa ndikugwetsa, yoke, chogwirira cha m'manja choyendetsera ndege, ndikuibweza pakati, phazi lakumanja lija linali likugwira ntchito yonse ndikulimasula. Ndikukumbuka kuti ndinatembenuka pang'ono kuti ndiwasekerere. Ndege inali idakali pa ma knots 55 kapena kuposa.

Zomwe zinatsatira ndazikonza mu ndondomeko pambuyo pake, pa nthawiyo zinangobwera pamodzi ngati chikho cha madzi kumaso. Mphepo inakwera. Ndege ikakhala pansi imafuna kuloza komwe mphepo ikuchokera, chifukwa mchira uja ndi chimbale chachikulu choimirira, mphepo yochokera kumanzere ikaumenya imaukankhira kumanja ndiye mphuno imapita kumanzere, ngati muvi wa nthenga. Mphuno inayamba kupita kumanzere. Nthawi yomweyo phiko lakumanzere, loti palibenso aileron yoligwira (aileron ndi kachidutswa ka kumapeto kwa phiko komwe yoke imasuntha kuti phiko likwere kapena litsike), linayamba kunyamuka, ndinamva ndege ikupepuka ngati ikufuna kuulukanso, nde ine kuti ndiikhazike pansi ndinakankha yoke kutsogolo. Apo ndi pomwe ndinaiwonongeratu. Ukakankha yoke uli pa liwiro, flaps zili pansi, mapiko akadali kunyamula, kulemera konse kumapita pa katayala kakutsogolo, matayala akuluakulu awiri aja amangokhudza pansi pang'ono, ndege imasanduka wilibala. Ndipo aliyense amene anathamangapo ndi wilibala yodzaza akudziwa kuti ikangopendeka pang'ono imakutembenuza yokha. Mabuleki ali pa matayala akuluakuluwo, ndiye ngati sakugwira pansi mabuleki nawonso ndi dzina chabe.

Kenako manja anga anachita chinthu chomwe mutu sunawatume. Anakhotetsa yoke kumanja ngati chiwongolero cha galimoto. Ndayendetsa galimoto zaka zoposa 15, ndege maola 140, pa nthawi ya mantha thupi limathamangira chomwe linazolowera. Yoke siikhotetsa ndege pansi, pansi timakhotetsa ndi mapazi, chomwe yoke yakumanja inachita ndi kunyamulitsa phiko lakumanzere lomwe mphepo inali ikulinyamula kale. Ndinaona nsonga ya phiko lakumanja ikutsikira ku phula, alamu atagwira pamwamba pa dashboard ndi manja onse awiri.

Ndiye ndinakumbuka go-around, kusiya kutera nkunyamukanso kuti ukayesenso, mochedwa. Throttle, chopatsira injini mphamvu, yonse mkati. Injini inabangula, koma propela ya ndege zimenezi ukaipatsa mphamvu yonse pa liwiro lochepa imakokera mphuno kumanzere, nchifukwa chake ponyamuka timaponda rudder yakumanja, ndiye mphepo ikukokera kumanzere, injini ikukokera kumanzere, phazi langa lakumanja likuponda mwamanyazi ngati likupempha chilolezo. Nditaona magetsi a m'mphepete mwa runway akubwera ndinasinthanso maganizo ndikuzula throttle. Ndiye kuti sindinanyamuke, sindinaime, ndinangowonjezera liwiro lolowera mu udzu. Tinatuluka kumanzere, gudugudu gudugudu, fumbi koboo, tayala lakutsogolo linalowa mu kangalande ka madzi a mvula, mphuno pansi, propela khwaa, injini zii. Mchira unakwera m'mwamba ndinaganiza kuti tikugadabuzika, koma unabwerera pansi ndi chiphokoso.

Kunangoti chete, kumveka ma gyro okha, tizida tozungulira ta mu dashboard, akulira potsika liwiro. Ndinazimitsa zonse za injini ndi magetsi, mixture, magneto, master, mafuta ndikutseka, izi zokha manja anachita molondola. Ndinati alamu muli bwino? Anati ndili bwino alamu, kodi ndi mmene mumaterera masiku onse? Sanali kuseka, amafunsa zenizeni.

Masamu a masekondi aja ndinawapanga usiku womwewo tulo titakana. Runway yathu ndi yotambalala mamita 23, kuchoka pa mzere wapakati kufika m'mphepete ndi mamita 11 ndi theka. Ma knots 60 ndi makilomita 111 pa ola, mamita 31 pa sekondi iliyonse. Mphuno ikangopatuka madigiri 10 okha, ukupita m'mbali mamita oposa 5 pa sekondi. Masekondi awiri uli mu udzu. Awiri. Palibe nthawi yoganiza kuti kodi aphunzitsi ankati chani paja, chomwe mapazi akudziwa ndi chomwecho. Ndipo propela ya 172 imadutsa masentimita osakwana 30 kuchokera pansi, tayala lakutsogolo likangolowa pa dzenje yagunda.

Za kuwonongeka ndidutse mwachangu chifukwa zimandipweteka m'mimba. Propela inapindika nsonga zonse ziwiri, mwendo wakutsogolo unakhota, chitsulo chotchinga pakati pa injini ndi ife chomwe amati firewall chinachita makwinya, ndipo injini ya Lycoming propela ikagunda chinthu mpaka kuima mwadzidzidzi siungoilizanso ayi, imayenera kutsitsidwa ndi kumasulidwa kuti amakaniko aone crankshaft ndi zina zamkati. Ndege inakhala mu hangar miyezi. Malipoti kwa oyang'anira za ndege, mafomu a inshuwalansi, anzanga omwe timagawana nawo ndegeyo akundilankhula mwaulemu wopitirira muyezo, ulemu wowawa kuposa kutukwanidwa.

M'mawa mwake aphunzitsi anga akale, bambo achikulire osalankhulalankhula, anabwera nkuti tiyeni tikayende pa runway. Titapempha chilolezo tinayenda wapansi kutsatira mizere ya matayala, ndipo phula silinama. Panali timizere tiwiri pomwe ndinagunda, kutali kwambiri ndi poyambira chifukwa cha kuyandama kuja, koma pa mzere wapakati penipeni. Anaima pamenepo nkuti, apa ndege inatera bwino. Tinayenda masitepe ngati 60, pomwe mzere umodzi wakuda wa tayala lakutsogolo unayamba kukhotera kumanzere, anaimanso nkuloza pansi. Achimwene, inuyo munatsika mu ndege apa. Ndinati bwanji aphunzitsi, anati ndege inatsala yokha ikuthamanga, inu munali mutafika kale kunyumba. Sanawonjezerepo kanthu, tinabwerera chete. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma tsiku limenelo khutu linawawa.

Tinayambiranso ngati ndine wophunzira watsopano, ndipo amadikira dala masiku a mphepo, kukakhala bata amati lero kulibe sukulu. Choyamba sanandilole kutera nkomwe. Timabwera pa runway mamita awiri kapena atatu kuchokera pansi ndi mphamvu pang'ono, kuuluka utali wonse wa runway osagunda, ntchito yanga kungosunga mphuno yowongoka ndi mapazi, ndi kusunga ndege pamwamba pa mzere ndi aileron. Apo ndi pomwe zinalowa m'thupi kuti ntchito ziwirizi ndi zosiyana, mapazi ndi a komwe mphuno yaloza, manja ndi a komwe ndege ikutsetserekera. Ndinkazidziwa pa mayeso olemba, ndinakhoza bwino lomwe, koma kudziwa kwa pa pepala kunatsala mu chikwama tsiku lija.

Chachiwiri chinali chomwe chinandigwetsa chija. Matayala akagunda, aileron ya kumphepo siibwerera pakati, imawonjezeka. Liwiro likamatsika mpweya wodutsa pa mapiko umachepa ndiye aileron imafooka, uyenera kumaikhotetsa mochulukira pang'onopang'ono mpaka pomwe ukufika liwiro la taxi, loyenda pansi pang'onopang'ono lija, yoke yafika kumapeto kwenikweni mbali ya mphepo. Ndipo yoke yomweyo ukuikokera kwa iwe, osati kuikankha, kuti kulemera kukhale pa matayala akuluakulu, lakutsogolo litsike lokha nthawi yake ikakwana. Rudder nayo imafooka chimodzimodzi, nde mapazi sapuma, timaponda tating'onoting'ono tachangu, ponda masula ponda masula, osadikira kuti mphuno ipite kutali kenako nkuponda chimodzi chachikulu chomwe chikuponyere mbali inayo. Aphunzitsi amangoti mapazi, mapazi, mapazi mpaka ndinayamba kuzilota.

Anandigwiranso ndi kachizolowezi kena komwe sindinkadziwa kuti ndili nako. Mabuleki a 172 ali pamwamba pa mapedulo a rudder, umaponda ndi zala, ndiye ngati zidendene zako sizili pansi ukamaponda rudder ukupondanso buleki osadziwa. Ine ndinkatera mapazi ali m'mwamba. Pano pa final ndimadziuza mokweza kuti zidendene pansi. Maso nawonso, ndinkayang'ana pafupi ndi mphuno, pomwe ukayang'ana kumapeto kwa runway kupatuka kwa digiri imodzi kapena awiri umakuona kusanakule. Ndipo wokwera naye ndimamuuza tisananyamuke kuti mapazi achotse pa mapedulo a mbali yake, komanso kuti kuyambira pa final mpaka titatuluka mu runway tisalankhulane, ngakhale kundiyamikira adikire. Alamu sanalakwe kanthu, wolakwa ndi ine amene sindinawauze.

Za go-around tinakangana pang'ono, ine ndimati ndikanangolimbikira throttle ija mwina tikananyamuka. Iwo anati mwina, kapena mukanalowa mu udzu womwewo pa liwiro lalikulu nkukagadabuzika. Go-around yanga inali ndi malo ake atatu ndipo onse ndinawadutsa: pomwe ndinaona 80 poyambira runway, pomwe ndinayandama kupitirira pomwe ndinafuna kugunda, ndi sekondi yoyamba yomwe mphuno inayamba kupatuka ndege ikadali pa mzere. Pamenepo mphamvu yonse, rudder yakumanja yamphamvu, aileron kumphepo, umapita bwinobwino. Koma mphuno ikaloza kale kunja ndipo m'mphepete mwafika, kwa ine pano yankho ndi throttle kunja, yoke kwa ine, kuwongola ndi mapazi momwe ndingathere ndi kuvomera udzu pa liwiro lochepa. Ena angatsutse ndipo zimatengera chomwe chili kutsogoloko, koma chomwe sindingachitenso ndi kulowetsa nkuzula, theka uku theka uku. Malipoti a ngozi za ndege zazing'ono, monga omwe bungwe la mapailoti la AOPA limatulutsa ku America kuchokera pa zofufuza za NTSB, bungwe la boma lofufuza ngozi, chaka ndi chaka amaonetsa kuti ngozi za potera ndi zomwe zimachuluka kuposa zina koma si kawirikawiri kupha munthu, chifukwa liwiro limakhala latsika kale ndipo uli pansi. Mphamvu ya injini yobwera mochedwa imachotsa mwayi umenewo.

Si nthawi zonse pomwe vuto limakhala la pailoti, tayala likhoza kuphwa, buleki imodzi ikhoza kugwira yokha kapena kusowa, tayala lakutsogolo likhoza kunjenjemera, runway yonyowa kapena udzu wa mame umaterera. Nchifukwa chake pano ndimagwada kuyang'ana matayala ndi mapaipi a mabuleki ndisanakwere, ndipo ndisanatsike ndimaponda mabuleki ndili m'mwamba kuti ndimve ngati onse awiri ali olimba mofanana. Koma ndisanamizire, tsiku langa lija amakaniko anayang'ana zonse ndipo zinali bwino. Ndinkafunitsitsa atapeza kanthu.

Patapita miyezi aphunzitsi anandikakamiza kupanga maola angapo pa ndege ya tayala lakumchira, Piper Super Cub. Imeneyo ndiye siikhululuka, chifukwa kulemera kwake kuli kumbuyo kwa matayala akuluakulu ndiye mchira nthawi zonse umafuna kupitirira mphuno, ukangogona pang'ono imazungulira pompo, chomwe amati ground loop. 172 kulemera kuli kutsogolo kwa matayala akuluakulu nde imadziwongola yokha pang'ono, imakubisira ulesi wa mapazi kwa maola 100, 200, mpaka tsiku lomwe mphepo yakwera ndipo wakankha yoke. Pa Cub ola loyamba ndinatuluka malaya atanyowa, miyendo ikunjenjemera ngati ndakwera phiri, koma nditabwerera pa 172 ndinayamba kumva mu mpando momwe mchira ukufuna kupita usanapite.

Pano mu logbook tsamba lakumbuyo ndinalemba nambala yanga ya crosswind ndi pensulo, inayamba pa 7, pano ili pa 12, ndipo ndikakhala miyezi iwiri osakumana ndi mphepo ndimaifufuta nkuitsitsa. Kawiri konse ndapita kukatera pa bwalo lina lomwe runway yake yaloza kumphepo nkudikira mpaka madzulo, kamodzi ndinachita go-around katatu motsatizana anthu akuonerera pa hangar, wina anandifunsa ngati ndinaiwala potera.

Alamu sanakwerenso. Nkhaniyi amaikamba pa chisangalalo chilichonse cha pabanja ndipo ngalande ija imakula chaka ndi chaka, pano yafika pa mtsinje. Mwezi watha anandiimbira foni kufunsa ngati Loweruka kudzakhale mphepo, ndinati ndiona, anati mukaona kuti kulibe mundiuze, koma ulendo uno m'manja ndidzawomba injini itazima.